Manyowa a Paukwati wa Dontho

Tsiku limene Amake Dontho ankachoka pa nyumba ya mwamuna wawo, anthu a mumsewumo anaima m'mageti n'kumaseka katundu amene mayiwo anasankha. Anasiya mipando, anasiya bedi, anasiya ngakhale makatani amene anasoka okha, n'kukweza pa kagalimoto firiji yakufa. Firijiyo inasiya kuzizira kalekale, ankangosungiramo mapoto ndi mabotolo opanda kanthu. Wina atawafunsa kuti akatani nayo, anayankha kuti azikagonamo. Zoona zake n'zakuti mtima unali utawira, ndipo anangogwira chimene chinali pafupi ndi chitseko.

Amene anawachotsa m'nyumbamo anali mkazi wina amene anthu ankangomutchula kuti Wasaluni, chifukwa anali ndi saluni pafupi ndi pokwerera mabasi. Anali ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto, ndi khungu la munthu amene sanapsepo ndi mafuta a m'poto. Abambo ake a Dontho anayamba kupita ku saluniko sabata iliyonse, chikhalirecho munthuyo anali ndi dazi lofika kunkhongo. Amake Dontho anachedwa kudabwa. Pamene ankadzafunsa kuti kodi kumeneko amakameta chiyani, n'kuti Wasaluni atayeza kale mawindo a kuchipinda.

Mwana anali mmodzi yekhayo. Anabadwa wochepa kwambiri moti anamwino anamutcha Dontho, ndipo pambuyo pake sipanabwerenso wina. Mtsikanayo anatsala kwa abambo ake chifukwa sukulu inali pafupi, komanso kumene mayi ake anapeza malo, kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kunali kachipinda ndi kabalaza basi. Amake Dontho anavomera ndi pakamwa pokha. Nyumba inapita, mwamuna anapita ndipo sanamulire nthawi yaitali, koma panali chinthu chimodzi chimene analumbira kuti Wasaluni sadzachigwira. Mwanayo agone m'nyumba ya mkaziyo, adye za mkaziyo, amangidwe tsitsi ndi mkaziyo, koma mayi wake akhale mmodzi. Dontho akabwera kudzacheza Loweruka n'kumanena kuti anti atero, anti agula chakuti, mayiwo ankatchera khutu pa liwu lakuti antilo, akalimva mtima n'kukhala pansi.

Ntchito yawo inali yophika pa lesitilanti ina ya pafupi ndi depoti. Ankasenda, kuwaza ndi kukazinga kuyambira m'mamawa, ndipo madalaivala ankadziwa tsiku limene iwo sanabwere pongolawa msuzi. Kunyumba ndiye kunali mavuto. Bwalo lonse linali la simenti, lalikulu ngati mphasa ziwiri, popanda pokumba dzenje. Galimoto yotenga zinyalala inkabwera ikakumbukira. Makoko a mbatata ndi a nthochi ankawola mu ndowa, ntchentche n'kumachita msonkhano pakhomo, mkazi wa alandilodi n'kumadutsa atagwira mphuno ngati kwawo sadya.

Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu. Atamva dandaulo lawo, anawapatsa kachitini ka majarini muli dothi lakuda, m'dothimo muli nyongolotsi zili piringupiringu. Sizinali zazikulu zija zimatuluka mvula ikagwa ayi, koma zing'onozing'ono zofiira, zokonda kukhala pamwamba pomwe pali zowola. Apa ndi pamene firiji ija inapeza ntchito. Anaigoneka chagada pamthunzi wa khoma, pamwamba pa njerwa, mwini sitolo ya zitsulo n'kuwaboolera timabowo pansi ndi m'mbali. Anang'amba makatoni, kuwaviika m'madzi, kuwafinya, n'kuwayala mkatimo ngati akukonzera mlendo pogona. Chitseko anachichirikiza ndi kamtengo kuti mpweya uzilowa.

Ziwetozi zinali ndi mwambo wake, ndipo anauphunzira movutikira. Makoko a mbatata, a nthochi, masamba a kabichi, masamba a tiyi ndi zigoba za mazira zosinja zinkadya mosangalala. Anyezi sizifuna, mandimu sizifuna, nyama ndi mafuta ndiye kuitana makoswe. Tsiku lina anakhuthuliramo msuzi wotsala wamchere, m'mawa n'kupeza nyongolotsi zakwera makoma a firiji, zina zili kale pa simenti ulendo wa kugeti. Anazitola imodzi imodzi akupepesa. Kuyambira pamenepo ankakonda kunena kuti nyongolotsi n'zaulemu kuposa mwamuna, chifukwa zikatopa nawe zimachoka poyera.

Pokolola ankaunjika zam'firijimo timilu timilu pa thumba padzuwa. Nyongolotsi zimadana ndi kuwala, ndiye zinkathawira pansi, iwo n'kumapalira pamwamba pang'onopang'ono mpaka patsale kampira ka nyongolotsi zokhazokha kobwezera m'nyumba mwake. Manyowa ake anali akuda bii, ofewa, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Posakhalitsa bwalo la simenti lija linadzaza zitini ndi matumba a tomato, tsabola ndi ndiwo zamasamba, ndipo mkazi wa alandilodi anasiya kugwira mphuno n'kuyamba kubwera ndi kambale.

Panali chinthu chimodzi chimene nyongolotsizo zinkalephera. Njere sizidya. Mulu wa manyowa wa kumunda umatentha mkati n'kupha njere, koma m'firiji munali mozizira bwino, ndipo njere iliyonse imene inalowamo inkatuluka yamoyo, yonenepa kumene. Ankadzala tsabola m'chitini, n'kumera dzungu. Ankadzala kabichi, n'kumera papaya ndi tomato amene sanamuitane. Poyamba zinkawakwiyitsa, kenako anazolowera kumangozula, osadziwa kuti tsiku lina adzazithokoza.

Zaka zinapita. Dontho anakula, anakhala mphunzitsi, ndipo anapeza mnyamata wina wofatsa wokonza zamagetsi. Madyerero a ukwati anakonza zoti akachitikire pa bwalo la abambo ake, mvula ikamatha. Bwalo limenelo Amake Dontho ankalidziwa ngati chikhatho chawo. Pamenepo panali dimba lawo, mtengo wa mapeyala ndi wa magwafa, zonse zodzala okha. Wasaluni atangolowa anadulitsa zonsezo, ati kutsogolo kwa nyumba si kumudzi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pankangowuluka fumbi. Zimenezo mayiwo anazisunga kukhosi osalankhula. Tsopano anali okondwa, chifukwa paukwati pamafunika wophika, ndipo wophika analipo. Anali atabwereka kale mapoto aakulu kuntchito, atauzanso anzawo awiri kuti adzawathandize kusenda.

Dontho anabwera Loweruka lina, anakhala pa mpando wa pakhomo akuzunguliza mphete pachala. Ananena za diresi, za keke, za nyimbo, kenako n'kunena akuyang'ana pansi kuti za chakudya anti apeza kale anthu, mayi angodzabwera kudzakhala, apumeko tsiku limodzi. Amake Dontho anati sanatope. Dontho anati anthuwo ndi odziwa. Mayiwo anafunsa ngati iwo ali osadziwa, ndipo mtsikanayo anayamba kuyang'ana zitini za tomato ngati akuziona koyamba.

"Anti ako akuti chiyani kwenikweni? Usandiphikire mawu, wophika ndine."

"Akuti anthu amadziwa zoti mumaweta nyongolotsi," anatero Dontho ndi mawu otsika. "Akuti alendo ena akamaona mbale azidzaganiza za manja."

Amake Dontho anayang'ana manja awo. Anali manja amene amadyetsa depoti yonse, amene anasambitsa mwanayu ali wochepa ngati botolo, amene anasoka makatani amene Wasaluni amatsegula m'mawa uliwonse. Zinawapweteka kwambiri, kuposa tsiku la firiji lija. Koma sanalire. Anafunsa modekha kuti nanga alendowo adzakhala pati, pa fumbi paja? Dontho, pokondwa kuti nkhani yasintha, anafotokoza kuti anti akudzala kapinga bwalo lonse, kuti pofika tsikulo padzakhale pobiriwira ngati pa hotela.

"Kapinga amafuna manyowa," anatero mayiwo. "Poti manja angawa sangagwire mbale, alole agwireko dothi. Imeneyo ndiyo mphatso yanga."

Dontho anawakumbatira, misozi ili m'maso, n'kunena kuti ankadziwa kuti mayi ake ndi a mtima wabwino. Mayiwo anamusisita pamsana, maso ali pa firiji.

Ntchito anaiyamba mawa lake. Kuseri kwa depoti kunali malo ena osiyidwa, odzaza chisoso chouma. Poweruka ankadutsa kumeneko akukoka juzi yakale pa tchire, ndipo pofika kunyumba juziyo inali yakuda ndi tinjere tija timakakamira zovala. Ankakhala pakhomo n'kumatithothola n'kumaponya m'chitini, akuimba chapansipansi. Bonongwe waminga ankamugwedezera mu jumbo, njere zake zazing'ono ngati mchenga n'kumagwa. Dawe anakamukumba m'mbali mwa ngalande, n'kusankha timbatata take tating'ono, tija ukasiya kamodzi m'nthaka mawa umapeza banja lonse. Anaganizakonso za chitedze, koma anakumbukira kuti mwana wawo adzadutsa pomwepo ndi diresi, n'kuchisiya. Mkazi wa alandilodi atafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, anamuuza kuti ndi mankhwala, ndipo sananame kwenikweni, chifukwa masiku amenewo ankagona tulo tabwino.

Nyongolotsi nazo zinaona chaka cha mwanaalirenji. Ankasenza ndowa za makoko kuchokera ku lesitilanti, osachotsa njere za maungu, tomato ndi papaya. Zinaswana mpaka kusefukira m'mabeseni. Tomato wawo yemwe anamumana chakudya, anafota akuona, iwo osamumvera chisoni. Manyowa onse anawasefa bwinobwino, kuwaumitsa pamthunzi, kenako n'kusakanizamo njere ndi timbatata tija ndi manja awo omwewo, monga amasakanizira ufa wa mandasi. Zakuda zinalowa mu zakuda, ndipo ngakhale iwo eni sakanatha kuloza pamene pali njere.

Asaname munthu kuti ankangofuna kuononga. Amake Dontho anali ataona kale mapeto ake m'mutu mwawo, ndipo ankawaonera mobwerezabwereza ngati filimu. Udzu udzamera, Wasaluni ndi zikhadabo zakezo adzagwira njakata, abambo ake a Dontho sanagwirepo khasu chibadwire, ndiye adzatuma mwana kuti kaitane mayi ako. Iwo adzalowa pa geti lija masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a mumsewu akuona, adzakonza bwalolo m'masiku ochepa, ndipo akadzamaliza adzasamba m'manja n'kufunsa kuti mapoto ali kuti. Dontho adzaona yekha kusiyana kwa mayi ndi anti.

Mkamwini wa mawa uja anabwera ndi kagalimoto kudzatenga matumbawo. Madzulo ake Dontho anaimba foni. Anati anti anakana, ankafuna feteleza wa m'sitolo, ankati za kwa mayi ako sindikuzikhulupirira. Anakangana mpaka kukwezerana mawu, koyamba chikhalire m'nyumbamo, ndipo pamapeto pake Dontho anavula nsapato n'kumwaza manyowawo yekha bwalo lonse, kuyambira pa geti mpaka pa masitepe. Ankafotokoza monyadira. Amake Dontho anamva kanthu kakuwalasa pansi pa nthiti, koma anakameza ndi tiyi.

Mvula inagwa. Mayiwo anasintha njira yopitira kuntchito, n'kumazungulira mtunda wautali kuti adutse pa mpanda wa nyumba ija, umene unali ndi timabowo ta njerwa tokwanira diso limodzi. Masabata oyamba anabwerako atakwiya. Kapinga anagwira mochititsa kaso, ali biriwiri, wofewa, ndipo anamuona Wasaluni akuyendapo wopanda nsapato, akujambula ndi foni. Atafika kunyumba anatsegula firiji n'kuzikalipira nyongolotsi kuti kodi anazituma zimenezo.

Kenako zinayamba. Kunatuluka timasamba tiwiri tiwiri, tosalakwa, tobisala m'kapinga. Patapita masiku, bwalo linasanduka msika. Dawe anaima ngati singano paliponse. Bonongwe anatukula mitu, minga zili m'khwapa. Chisoso chinakula mothamanga n'kuyamba kuonetsa timaluwa take, kulonjeza masuti ndi madiresi a alendo zimene chidzawachite. Pamene anakonza kuika tebulo la keke panamera tomato wothithikana, mapapaya anandandalika m'mbali mwa njira, ndipo dzungu lina lopanda ulemu linayamba kukwera masitepe kulowera pabalaza. Manyowa a Amake Dontho sankasankha, ankadyetsa aliyense mofanana, ndipo kapinga ndiye anali wofatsa pa onsewo.

Abambo ake a Dontho anatchetcha tsiku limodzi, dawe n'kudzuka m'mawa mwake ngati wametedwa mwaulere, iwo n'kugona msana ukuwawa. Anaitana aganyu, aganyuwo anazula udzu pamodzi ndi kapinga yemwe, n'kusiya zigamba zoyera ngati mutu wa bwana wawo. Wogulitsa mankhwala a udzu anawauza kuti amene angaphe dawe aphanso zonse, ndipo nthawi yodzalanso inali itatha. Mbiri inafika ku lesitilanti kuti Wasaluni analira ku saluni kwake mpaka kuwotcha khutu la kasitomala. Tsiku limenelo Amake Dontho anadya mbale ziwiri, ndipo madalaivala anati msuzi unakoma mwapadera.

Amake Dontho ananola kakhasu kawo. Anachapa epuloni yatsopano n'kuisita. Foni ankaiika m'thumba la pachifuwa kuti ingalire iwo osamva. Loweruka linadutsa Dontho osabwera, linanso linadutsa, iwo n'kumati ndi zokonzekera ukwati. Foni inadzalira masana ena ali pakati posenda mbatata.

Dontho sanapereke moni wautali. Anafunsa kuti m'manyowa muja munali chiyani. Yankho mayiwo anali atalikonza kale, ndipo analinena mosadodoma: nyongolotsi sizidya njere, mwana iwe, ngakhale m'zitini zanga zimamera zokha, ndi mmene zimakhalira.

"Maungu ndamva. Tomato ndamva, mapapaya ndamva," anatero Dontho. "Nanga dawe mumasenda liti kukhitchini kwanuko?"

Amake Dontho anafuna kunena za manja, za mtengo wa mapeyala, za makatani, koma Dontho sanawadikire.

"Ndinamwaza ndekha, amayi. Ndinawakalipira anti chifukwa cha inu."

Foni inaduka. Mayiwo anapitiriza kusenda, ndipo mbatata imene inali m'manja mwawo anaisenda mpaka inatsala kakang'ono. Anadziuza kuti mwana wakwiya, akwiye, mkwiyo wa mwana sukhalitsa. Anadziuzanso kuti bwalolo likadali lofuna munthu wodziwa, ndipo munthuyo ndi iwo, aitanidwe asaitanidwe.

Loweruka m'mawa anakulunga kakhasu m'thumba, epuloni ija n'kuiika pansi pake, n'kunyamuka. M'njira ankakonza mawu. Sadzapepesa kwa Wasaluni, zimenezo ayi, ngakhale kumwamba kugwe. Adzangolowa, kugwada, n'kuyamba kuzula, ndipo Dontho akadzaona msana wa mayi ake uli padzuwa mtima udzafewa wokha. Atafika pa mpanda anaima kaye pa kabowo kawo ka masiku onse kuti aone mmene adaniwo agonjera.

Theka la bwalo linali loyera. Kapinga anali atayamba kutseka zigamba zija, ndipo m'mbali mwa khoma munali mulu waukulu wa udzu wofota. Pakati pa bwalo panagwada anthu awiri, mapewa atagundana, beseni lili pakati pawo. Wina anali Dontho. Winayo anachedwa kumuzindikira, chifukwa anali atamanga kansalu kakale kumutu, matope ali mpaka m'zigongono, ndipo zikhadabo zija anali atazidula zonse. Ankakumba dawe ndi mpeni wa patebulo, kutsatira muzu uliwonse mpaka apeze kambatata kake, n'kukaonetsa kwa Dontho asanakaponye m'beseni. Ankagwira molakwika, mochedwa, ngati munthu amene sanagwirepo dothi, koma zinkaoneka kuti wakhala akugwada pamenepo masiku ambiri. Dzanja lake limodzi linali lomangidwa kansanza pamene minga ya bonongwe inamubaya.

Wasaluni ananena kanthu kena kamene sikanamveke kumpanda, ndipo onse awiri anaseka. Kenako anayesa kuweramuka, n'kugwira m'chiuno, nkhope itakwinyika. Dontho anaika mpeni wake pansi, anamuthothola chisoso chimene chinakakamira pa kansalu ka kumutu, n'kumugwira pamkono.

"Amayi, kakhaleni pamthunzi kaye. Mbali ino ndimaliza ndekha."

"Ayi mwananga, timalizire limodzi," anayankha Wasaluni, n'kugwadanso.

Amake Dontho anaima pomwepo, thumba lili m'manja, diso lili pa kabowo. Dontho sanayang'ane kumpanda, sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu. Liwu lakuti amayi lija analitchula mosavutikira, ngati munthu amene analizolowera kale.